Matayala a ku Chipata pa Ulendo wa ku Chiliza

Amuna anga atamwalira, pikapu yawo inangokhala pansi pa mango mpaka chaka chinatha, nthawi n'kukwana yoti tikadalitse chiliza kwawo kwa Mavwere. Amisiri anali atamanga kale, chotsala chinali mwala wolembedwa dzina. Ndinati mwalawo ndinyamula ndekha, ndipo ndikafika wansembe asanachoke, poti masana anali ndi Misa kwina.

Alamu anga a Fanuelo, amene amachita geni m'malire, ndiwo anabwera ndi nzeru.

"Mlamu, timatayala iti tikakusiyani m'matope kudambo kuja. Ndakupezerani ena ku Chipata, galimoto izioneka ya bwana."

Atawamanga, pikapu inatalika moti pokwera ndinkachita kukwinya chitenje ndi kugwira chitseko ndi manja awiri.

Geji ya mafuta inafa kalekale. Malemu ankangoyang'ana makilomita pa mita n'kudziwa nthawi yothira dizilo, ndipo ine, mphunzitsi wa masamu, ndinatengera zomwezo. Mukuganiza kuti ndinakumbukira zimene ndimaphunzitsa ana, zoti gudumu lalikulu limazungulira kochepa pa mtunda womwewo? Sabata yonse ndinatuta nkhuni ndi chimanga, mita ikuwerenga moperewera, matayala olemerawo akumwa dizilo ngati ng'ombe m'chilimwe. Tsikulo ndinadutsa pothira mafuta paboma osakhotetsa n'khosi lomwe.

Kumbuyo ndinakweza amayi a kwaya atavala yunifolomu, atazungulira mwala wokutidwa ndi nsalu yoyera. Titasiya tala n'kuyenda ndithu, galimoto inatsokomola, n'kukhala chete.

Ndinathyola masamba n'kuika pamsewu kutsogolo ndi kumbuyo, monga amachitira a mathiraki galimoto ikafa. Amayi aja, pofuna kundilimbitsa mtima, anayamba nyimbo imene anakonzera kumanda. Tangoganizani: masamba pamsewu, nyimbo yachisoni, chinthu chokutidwa ndi nsalu yoyera, ndi mayi atakhala pansi dzanja lili patsaya. Inuyo mukanati chiyani?

Wakabaza amene ndinkati ndimutume dizilo anatsika panjinga, kuvula chipewa, n'kudutsa akuyang'ana pansi. Posakhalitsa amayi a m'mudzimo anafika ndi mphasa, ena nkhuni zili pamutu. Bambo wina wachikulire anaimitsa ngolo yake n'kudzanjuta pafupi nane.

"Pepani mayi. Zachitika liti?"

"Chaka chatha," ndinayankha, poti n'zoona.

Anacheukira nsalu yoyera ija, n'kusendera kumbuyo pang'ono.

"Ndiye mwakhala mukungoyenda nawo?"

Ndinaseka mpaka misozi, koyamba chimwalirireni amuna anga, ndipo amayi aja anandigwira mapewa poyesa kuti ndikulira, ena n'kuyamba kundithandiza. Zinanditengera nthawi kufotokoza kuti chamwalira pano ndi dizilo basi.

Foni inalira. A Fanuelo. "Mlamu muli pati? Wansembe ayamba kuyang'ana wotchi. Matayala akuyenda bwanji?"

"Aima bwino kwambiri," ndinatero.

Bambo uja anamasula ng'ombe zake pangolo n'kuzimangirira ku bampala. Umo ndi mmene ndinalowera kwawo kwa amuna anga: ndili pamwamba pachiwongolero ngati bwana, kwaya ikuimba, ng'ombe zikukoka, theka la mudzi wa eni likutiperekeza. Tinapeza wansembe atakwera kale njinga yamoto. Atationa anaizimitsa yekha, ndipo mwala unaikidwa n'kudalitsidwa.

Titatha, apongozi anga anaima nthawi yaitali akuyang'ana ng'ombe zija.

"Mwana wanga anandilonjeza ng'ombe ziwiri," anatero. "Sindinkadziwa kuti abwera nazo lero."

"N'zobwereka, amayi."

"Ndiye ndi yemweyo, sanasinthe."

Matayalawo ndinadzalamo anyezi kuseri kwa nyumba, kumene amamwa madzi okha. A Fanuelo akuti awona ena okulirapo ku Chipata. Ndawauza kuti akawagula, adzawamange panjinga yawo.