Nyenyezi Yodya Mnzake

Lolemba
AHedi andiitana. Akuti chipinda cha kalabu yathu ya sayansi akuchifuna, asungiremo madesiki othyoka. Pokhapokha makolo akasangalale ndi zomwe tidzaonetse Loweruka. Zaka zitatu ndikusesa chipindacho ndekha, lero akuti madesiki!

Pulani yanga ndi pulsar. Nyenyezi yakufa, yaing'ono ngati mzinda wathu uno, koma imazungulira mothamanga n'kumawalitsa ngati tochi. Ikakhala ndi nyenyezi inzake pafupi, imaikoka mpweya wake. Mpweyawo ukamagwera mbali yomwe ikuzungulirira, liwiro limakwera. Nthawi zina zinthu zimatembenuka, liwiro n'kutsika.

Zofunika: mpando wozungulira, tochi, timatumba ta mchenga, ana omvera. Chomalizachi ndikukayika.

Lachiwiri
Mpando wapezeka! Ndi wa aMbewe, ometa tsitsi ku Chemusa. Wadzimbiri, unangotayidwa kuseri kwa shopu. "Tengani madamu, unauma kalekale umenewo." Kondakitala wa minibasi akukana kuukweza. Ndafika nawo kusukulu ku Chilomoni pa wilibala, chitunda chonse chija. Msana wanga ine!

Lachitatu
Sukuzungulira. Girisi. Mafuta a makina osokera. Girisi winanso. Masana onse ndili chogwada. Pano ukangoukhudza ndi chala ukupita wokha.

Tikuyeserera. Tadala, mtsikana wa Fomu 3 amene mafunso samuthera, wakhala pampando atagwira tochi. Ndiye nyenyezi yakufayo. Anzake akumuponyera timatumba kudzanja lamanja, iye n'kumawakha. Liwiro likukwera! Kumanzere, likutsika! Misozi yalengeza m'maso, kunena zoona. Kathumba kamodzi kaswa windo, koma ine sindinaone.

Lachinayi
Ana akafotokoza kunyumba. Momwe afotokozera, kaya.

Amayi ake a Tadala afika m'mamawa, chitenje atamanga m'chiuno. "Ndiye pa ana onsewa mwasankha wanga kuti akhale wakufa wodya amoyo?" Ndikufotokoza za mpweya, za mphamvu yokoka, mpaka kujambula pabolodi. Angondiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ife kwathu ndife opemphera, madamu."

Tadala waletsedwa. Ena atatu mitu yayamba kuwawa nthawi imodzi. Wina akuti agogo ake afunsa ngati nyenyeziyo imadya ndi mafupa omwe. Ndatopa.

Lachisanu
AMbewe adutsa kudzaona zomwe ndikuchita ndi mpando wawo. Aukankha pang'ono. Wazungulira kanayi osalira n'komwe. Maso awo kutuluka! "Aa, kani ngwabwinobwino chonchi? Mawatu ndi Loweruka, makasitomala amachuluka." Asenza pamutu, ulendo. Ine girisi akadali m'zikhadabo.

Zotsala: tochi, mchenga, ana awiri, ine.

Loweruka
Makolo adzaza holo. Kwaya yaimba, aombera m'manja. A ndakatulo nawonso. Kenako ife.

Mpando palibe, wokhala nyenyezi palibe, ndiye nyenyeziyo ndine. Mayi wa zaka zanga! Ndaima pakati, tochi m'manja, ndikuzungulira pa chidendene. Ana awiri aja akuponya timatumba, wina akulunjika kumutu. Ndikufuula, "Onani makolo, liwiro likukwera!" Likukweradi. Mawindo akuthamanga. Denga lapita pansi.

Ndadzidzimuka ndili chagada pamapazi a tcheya wa makolo, tochi ikuwawalitsa m'mphuno. Kumbuyo mayi wina wayambitsa pemphero lothamangitsa mizimu yoipa, ndipo "Ameni" wake wamveka mpaka kumsika. AHedi akundikupiza ndi pepala la pulogalamu, mokoma mtima ndithu. "Pepani madamu. Kiyi wa chipinda chija mubweretse Lolemba."

Lamulungu
Chiuno chikuwawa, bondo latupa. Uthenga wa aMbewe pafoni: mpando ukuyenda bwino kwambiri, ngati ndili ndi nthawi kuli winanso wouma.

Kutchalitchi benchi yonse ndi yanga ndekha. Bola, ndatambasula mwendo. Amayi a Tadala andipatsa moni wapatali, wa dzanja lokha.

Potuluka, Tadala wazemba, wandipeza pachipata. Akunong'ona, maso ali kwa amayi ake. "Madamu, nanga nyenyezi inzake ija ikatha, liwiro limatani?"

Funso labwino kuposa onse a chaka chino. Yankho ndili nalo, chipinda choyankhiramo ndilibe. Ndamuuza kuti athamange, amayi ake akumusaka. Kiyi ndaika kale m'chikwama, kuti mawa ndisaiwale.