Kamera Yosamva

Anzanga, usiku wathawu ndalota zoti mpaka pano mtima sunakhale m'malo.

Paja mayi anga, aNangondo, amagulitsa thobwa pa depoti, ndipo mawu awo akutha ndi nthenda ya pakhosi ija. Ndakhala ndikufuna kuwajambula kavidiyo kotsatsa malonda akuitanira makasitomala, mawuwo asanatheretu. Koma thumba langa likukwana chipangizo chimodzi basi, kamera kapena maikolofoni.

Ndiye kutuloko ndinapezeka m'shopu ya zamagetsi, pansi pali matope okhaokha. Pa shelefu panali kamera yonyezimira, itapinda miyendo yake ngati mlendo wodikira tiyi.

"Tenga ine, mwana iwe," inatero kamerayo. "Ndatsika mtengo. Ndimaona mpaka thukuta."

"Nanga kumva?" ndinafunsa.

"Za kumva funsa uyo."

Pakona panali kamaikolofoni komata pa bulauzi, kali fumbi mbuu, kakutsokomola. "Foni yakoyo maso ili nawo kale," kanatero monong'ona. "Chimene ilibe ndi khutu. Waiwala phokoso la maminibasi?"

Koma ine ndi mtima wanga wokonda zowalawu, ndinali nditayamba kale kusisita kamera. Mwadzidzidzi kunalowa bwana wina wa ziphaso za malonda, tayi ili pakhosi.

"Chiphaso chojambulira mawu chili kuti, mayi?"

Ndisanayankhe, khosi lake linasosoka, mphuno n'kupindika, munthu uja wasanduka muimba. Anajompha kamaikolofoni kaja n'kukameza, chingwe chikulendewera kukamwa. Ine sindinadandaule n'komwe. Ndinabereka kamera kumbuyo ndi chitenje, ulendo.

Ndiye shopu ija inasanduka depoti, dzuwa likuswa mtengo. Mayi anali pambali pa chidebe chawo. Ndinadina batani. Kamera inatola zonse, ntchentche, mabotolo, ngakhale imvi zobisala m'duku. Mayi anatsegula pakamwa kuti aitane, mitsempha ya m'khosi kuchita kutuluka, koma kunali zii. Anthu ankangowadutsa.

"Mayi, kwezani mawu!" ndinakuwa.

Iwo anangondiyang'ana, n'kuloza pakhosi pawo.

"Chithunzi chokongola, eti?" inatero kamera kumbuyo kwangaku. "Chidzaoneka bwino pamwamba pa bokosi la maliro."

Mwadzidzidzi muimba uja anatera pa denga la minibasi n'kuyasama. M'mimba mwake munatuluka mawu a mayi, aja a kale, amphamvu: "Thobwa lozizira apa! Bwerani, ana anga!" Anthu onse anathamangira kwa mbalameyo atanyamula makapu. Ndinalira, anzanga. Ndinayesa kumasula chitenje kuti nditaye kamera, koma inali itandigwira m'chiuno ndi miyendo yake, ikuyamwa msana wanga.

Chinandidzutsa ndi kugundana kwa mabotolo panja. Mayi anali akutsuka, kukonzekera za ku depoti. Nditasuzumira pa windo anandiona, n'kutukula mutu kundiitana dzina langa, "Tiyanjane." Pakamwa ndinapaona bwinobwino, koma chimene chinafika m'khutu langa ndi "njane" yekha.