Fangasi Amene Ndinafuna Kumupatsa Dzina Langa

Ena amatchuka ndi mpira, ena ndi kwaya. Ine ku Chalimbana kuno ndinatchuka ndi matenda a matimati, ndipo ndinachita kuziputa dala.

Ntchito yanga ndi yofesa mbande za matimati n'kumagulitsa kwa anzanga a madimba. Chaka chatha matimati a m'dimba langa lakumunsi anayamba kuchita chikasu, kenako n'kufota ngakhale ndithirire chotani. Mlamu wanga, mng'ono wake wa mkazi wanga, amaphunzira za matenda a mbewu ku Lusaka. Atabwera kudzationa anazula tsinde limodzi n'kuling'amba, mkati muli biii.

"Ba mulamu, iyi ni fangasi ya mu dothi," anatero. "Ni m'bale wa bowa, koma siioneka na maso. Ingenera ku mizu."

Akutapa dothi loti akapime, anandifotokozera kuti akatswiri amaika tinthu timeneti m'magulu ngati mafuko a anthu, ndipo kalikonse kali ndi maina awiri, la mtundu ndi lakelake.

"Nanga maina apasa ndani?" ndinafunsa.

"Wamene waipeza. Ngati ni yanyowani, nthawi zina aikako dzina ya mwine wa munda."

Abale inu, mtima unachita kuvina! Dzina langa m'mabuku, m'Chilatini, ngati la woyera mtima! (Kusukulu dzina limeneli linkangomveka poitana ochedwa.) Lamlungu kumphakati, atangotseka mapemphero, ndinaimirira n'kulengeza kuti m'dimba mwanga mwapezeka fangasi watsopano ndipo atchedwa dzina langa. Kumsika ndinalengezanso. Okayika ndinkawaperekeza ndekha kudimba, n'kumawaonetsa matimati ofotawo monyadira ngati ndagula ng'ombe.

Mkazi wanga anayesa kundigwira malaya. "Imwe, mugulitsa mbande. Manje muitana makasitomala kuti aone matenda?"

Ndinamuyankha kuti nsanje si yabwino m'banja. (Mawu amenewa amandikumbutsabe mpaka lero.)

Kenako mlamu uja anaimba foni, akuseka asanayambe n'kulankhula komwe. "Ba mulamu, ni Fusarium oxysporum. Inapasiwa dzina kudala, ambuye anu akalibe kubadwa. Ili paliponse."

Ndinadzitonthoza kuti anthu aiwala. Koma nthawi yogula mbande itakwana, pakhomo panga panali zii. Mbande zanga ndimafesa kumtunda, kutali ndi dimba lodwalalo, ndipo zinali zobiriwira bwino, koma womva anali ndani? Mayi wina wa kumphakati, kasitomala wanga wakalekale, anandidutsa atasenza mbande zogula kwina, n'kungoti, "Pepani ba neba, tiyopa ija yanu."

Chomaliza chinachitika pa msonkhano wa alimi. Mlangizi watsopano wa zaulimi anafunsa matenda amene akutivuta m'madimba. Bambo wina anaimirira n'kutchula dzina langa, ena onse n'kuvomereza kuti lawathera matimati.

"Matenda amenewo sininawamvepo," anatero mlangizi. "Aoneka bwanji?"

Msonkhano wonse unatembenuka n'kundiloza.

Mbande zija zinakulira pa nazale mpaka tinazibzala tokha, ndipo zinandiwawa kwambiri. Koma ndisaname. Pamene mlangizi anapempha kuti amutchulirenso dzinalo pang'onopang'ono kuti alimve bwino, amene analitchula mokweza kuposa onse ndinali ine.