Bwato Lopita ku Chiromo

Lolemba

Lero tikunyamuka! Makina anga osokera ndawafunditsa chitenje pa khonde paja pa Chonde. Sabata yonse palibe zipi, palibe kupinda buluku la munthu.

Pulani ndi iyi: kuyambira pa mlatho wa Thuchila, kutsika mpaka mu Ruo, kenako Chiromo, pomwe Ruo amathira mu Shire. Amati madzi a mitsinje iwiriyi amayenda kaye moyandikana osasakanikirana, ena ofiirira, ena obiriwira. Ndikufuna ndikawaone maso asanatheretu. Diso lakumanzere layamba kale nkhungu, ulusi ndikumalowetsa pa singano mongopenekera.

Tilipo anayi:
ine, mwini maloto;
alamu anga a Mulipa, eni bwato;
a Khoviwa, mlonda wa ku esiteti ya tiyi, akuti anapalasapo ku Mozambique;
mayi Nasiyaya ogulitsa nanazi, akuti ku Chiromo nanazi anthu amachita kulimbirana.

Katundu: nanazi matumba awiri, chinangwa, kalongonda wophika, nkhafi zitatu. Yachinayi ndi thabwa la benchi.

Lachiwiri

Mtsinje ulipo, koma madzi ndi amene anachokapo. Palibe amene anakumbukira kuti ino ndi nyengo yadzuwa.

Tikupalasa pang'ono, tikukankha kwambiri. Bwato likumakhala pamchenga ngati ng'ombe yokhuta. Tikapeza madzi ofika m'mawondo, a Khoviwa akupalasa mbali yawo okha mwamphamvu ndipo tikungozungulira. Phiri la Mulanje ndaliona kumanja, kumanzere, kutsogolo, kumanjanso. Koma kukongola kwake! Lili mbuu ngati utsi, mitambo yagona pamapewa pake. Akakowa awiri akutiperekeza wapansi, ndipo akutipitirira.

A Mulipa akuti: "Alamu, kumunsiku madzi aliko, musadandaule."

Lachitatu

Madzi tawapeza. Ali m'bwato.

Mng'alu uli pansi pa matumba a nanazi. A Mulipa atsekapo ndi sopo, sopo wasungunuka. Atsekapo ndi malaya anga a pa Sabata. Ntchito yanga tsopano ndi kukapa madzi ndi mbale ya kalongonda.

A Khoviwa agona kuyambira m'mawa, chipewa kumaso. Ndinaiwala kuti mlonda masana ndi usiku wake. Atadzuka aulula kuti ku Mozambique kuja amene ankapalasa ndi amalume awo, iwo anangokhala pakati atagwira mbuzi.

Komabe pali nthawi ina masana, bango likulira ndi mphepo, bwato likuyenda lokha, dzuwa likuvina pamadzi. Ndikutseka diso labwino, lodwalali likundionetsa mtsinje wonse ngati nsalu yoyera yoyalidwa mpaka kumwamba. Ndikadakhala ndi sizasi yaikulu!

Lachinayi

Ng'ona! A Khoviwa akuwa, adumpha, athamanga pamadzi ngati pa msewu. Mayi Nasiyaya aigenda ndi nanazi. Siyikusuntha. Ndi chipika cha mkuyu.

A Khoviwa akukana kubwerera. Aima pagombe, buluku likudontha. "Lero ndi chipika, mawa sichikhala chipika." Akwera kabaza, apita ndi nkhafi imodzi osadziwa.

Zotsala:
anthu atatu;
nkhafi ziwiri ndi thabwa;
kalongonda wayamba kununkha;
nanazi zapsa zonse tsiku limodzi, njuchi zikutitsatira ngati tanyamula mfumukazi yawo.

Lachisanu

Tafika pa dooko pomwe amayi akuchapa. Fungo la nanazi lafika ife tisanafike. Pasanathe ola matumba onse ali pululu.

Mayi Nasiyaya akupinda matumba awo bwinobwino, akumanga duku. "Abambo, ine Chiromo yanga ndi pompano. Mukandiperekere moni kwa Shire." Apita.

Bwato lapepuka, likuyenda! Koma malaya aja analimbira chifukwa cha kulemera kwa nanazi. Tsopano akungoyandama pakati pa miyendo yanga.

Madzulo ndikuyang'ana mitambo m'madzi. Wina ukufanana ndi mlatho wautali wachitsulo wa ku Chiromo. Ndikuupalasira, ukuphwasuka.

Loweruka

Dziwe lalikulu, lakuya, nkhafi siyikugunda pansi. Uyu ayenera kukhala Ruo! Mtima ukugunda ngati makina atsopano.

Kenaka mawu pagombe: "A bwato! A bwato, tiwolotseni!" Ndi anthu a ukwati. Lole yawo yafera tsidya lino, tchalitchi chili tsidya linalo.

Tawolotsa: mkwatibwi, ankhoswe, kwaya m'magulu anayi, keke, sipika, agogo ena amene akana kutsika mpaka tiwabweze ndi kuwawolotsanso. Sabata yonse sitinapalasepo chonchi. Mtunda wambiri ndithu, kungoti ndi chopingasa.

Diresi la mkwatibwi lakodwa m'bango, lang'ambika m'chiuno. Akulira. Ndikutulutsa singano m'chipewa, koma ulusi ukukana kulowa, ndikulasa mphepo yokhayokha. Mwanayo wapukuta misozi, wandilanda: "Bweretsani, agogo." Walowetsa kamodzi. Ndasoka nditagwada pamchenga, zala zikudziwa njira zokha. Palibe angaloze pamene panang'ambika.

Ndafunsa ankhoswe ngati uyu ndi Ruo. Aseka mpaka kutsokomola. "Ndi Thuchila yemweyu, bambo. Ruo akadali kutali."

Lamulungu

A Mulipa akutsala pa dziwe. Akuti anthu apa akufuna bwato tsiku lililonse, Chiromo sinawaitane.

Ndakwera kabaza m'mawa. Ulendo wa masiku asanu ndi limodzi, njinga yaubweza ine ndi wakabazayo tisanamalize n'komwe nkhani ya mpira. Ndafika belu la tchalitchi likulira, nditavala malaya a alamu.

M'tchalitchi benchi likugwedezeka. Ndikutsinzina, mpingo wonse ukuyandama pang'onopang'ono, abusa kutsogolo, kwaya kumbuyo, mawindo akudutsa m'bango. Madzi ndi ambiri, palibe wokankha. Tikutsika, tikutsika...

Chigongono cha akazi anga m'nthiti. "Bambo, siyani kupalasa ndi buku la nyimbo. Anthu akukuonani."

Mawa mabuluku a sukulu.