Tsiku Lomwe Ndinanyamula Pulezidenti Kumbuyo

Anzanga, ine ndine munthu woti ngakhale mu kombi ndimapitirira potsikira chifukwa choopa kukweza mawu. Ndiye mukamva kuti ndinalowapo ndale, musadabwe kuti ndinalowa chobwerera.

Malume anga, a Phiri, ndi tcheyamani wa sosaite ya maliro ya ife a ku Malawi kuno ku St Mary's, m'dziko la eni ake olankhula Chishona. Kale zitupa zathu zinkati ndife alendo, ndiye palibe amene ankatifuna. Titangololedwa kuvota, tinasanduka abale a aliyense. Chisankho cha pulezidenti chikayandikira, anthu a zipani amabwera kwa malume akumwetulira mpaka mano a kumapeto, chifukwa amadziwa kuti mkuluyo akangoti "uyu", mabanja ambiri amutsatira. Koma m'sosaite muli Mayi Banda a chipani china ndi a Mwale a chinacho, aliyense ndi gulu lake, ndipo malume akangopendekera mbali imodzi, ena atuluka. Pamenepo maliro akagwa, adzakumba manda ndani? N'chifukwa chake yankho lawo limakhala limodzi: "Kumanda kulibe chipani."

Lamlungu la msonkhano wa sosaite malume anadzuka mawu atatha ndi chimfine. Anandipatsa pepala.

"Esinati, iwe unafika Folomu 4," ananong'ona. "Ukangowerenga kuti sosaite sikuvomereza munthu aliyense, basi ukhale pansi."

Ntchito yosavuta, si choncho? Iwo anatsogola, ine ndinakwera kombi ku Unit G komwe timakhala, nditavala siketi yanga yakutchalitchi. Potsika pa Huruyadzo, kawaya ka pampando kanaigwira, ndinangomva kwee! Kumbuyo konse mphepo.

Ndinaima chotsamira khoma ngati ndikudikira munthu. Mayi wina wogulitsa tomato anandiyang'ana kamodzi, osafunsa kanthu. Anachotsa chitenje chimene anafunditsa tomato wake, chija kuno timati zambia, anachikutumula, n'kundimanga yekha m'chiuno ngati mwana wake.

"Enda, pita mwanangu, udzabweza ukapeza nthawi," anatero.

Ine misozi ili m'maso, kuthokoza ndi manja awiri. Ndinayang'ana kutsogolo, mizere yobiriwira yokhayokha, yooneka bwino. Kumbuyo ndani amayang'ana?

Msonkhano unali pabwalo la sukulu. Akuluakulu pamipando kutsogolo, anthu pamabenchi ndi pansi. Ndinalowa chowerama, ndinagwada pamaso pa akuluakulu kuwapatsa moni mmodzimmodzi monga tinaphunzitsidwa, msana wanga uli kwa anthu. Ndinamva phokoso lonse likutha pang'onopang'ono. Mumtima ndinati, taonani ulemu wa anthu athu.

Kenako ndinatembenukira kwa anthu. Tsopano msana unali kwa akuluakulu. Ndinamva malume akutsokomola mwamphamvu, ndinati chimfine chija.

"Sosaite yathu," ndinawerenga, "sikuvomereza munthu aliyense pa mpando wa pulezidenti."

Wina anaseka. Ndinaganiza kuti ndi Chichewa changa, poti ife obadwira kuno timachipinda ngati waya. Ndiye ndinabwereza m'Chishona, mokweza, ndikutembenuka mbali zonse kuti aliyense amve. Eee, aliyense anamvadi, ndipo aliyense anaonanso. Gogo wina anaimba nthungululu. Ine kusazolowera kuyamikiridwa, ndinapinda mawondo kawiri kuthokoza.

Pamenepo mphepo inalanda pepala m'manja mwanga n'kuliponya pamapazi pa akuluakulu. Munthu wanzeru akanalisiya. Ine ndinatembenuka, n'kuwerama.

Anzanga, wina anandijambula, ndipo chithunzicho ndinachiona madzulo ake pa foni ya mnzanga. Pa chitenje chija panali nkhope ya bambo wamagalasi, yaikulu ngati beseni, masaya atatambasuka, akumwetulira msonkhano wonse kuchokera kumbuyo kwanga. M'munsi mwake malemba akuluakulu: MUVOTERENI UYU.

"Tcheyamani!" Anali Mayi Banda, ataimirira. "Ndiye pakamwa mukuti palibe, koma mwatumiza yankho pa mdzukulu?"

"Si mdzukulu, ndi mwana wa mlongo wawo," anatero a Mwale, amene satha kusiya cholakwika chidutse. "Koma funso ndi lomwelo. Mwagulitsa sosaite, a Phiri? Ngati ndi choncho, ife tatuluka, mudzaikana nokha m'manda!"

Anthu anayamba kunyamuka, ena akupinda kale timipando tawo. Ine ndili chiimire, pepala m'manja, sindikudziwabe mlandu wanga. Mayi wina amene sindinkamudziwa n'komwe anabwera mwakachetechete n'kuima kumbuyo kwanga kuti anditchinge. Mulungu amudalitse, koma anali wochepa thupi, magalasi a bamboyo ankaonekabe uku ndi uku.

Malume anagogoda ndodo pansi katatu. Poti mawu analibe, anthu anachita kukhala chete kuti amve.

"Esinati, tembenuka."

Ndinatembenuka.

"Amene akumudziwa bamboyu, akweze dzanja."

Palibe anakweza. Mayi Banda anayandikira, anavala magalasi awo, anawerama kuyang'anitsitsa. Tangoganizani, mayi wa msinkhu wa amayi anga akuwerenga kumbuyo kwanga ngati nyuzipepala.

"Si wathu," anatero.

A Mwale, mwaulemu, anayang'ana chapatali. "Si wathunso."

Zinapezeka kuti ndi mmodzi mwa aja amadzaza m'munsi mwa pepala lovotera, oti dzina umalimva koyamba uli kale m'kachipinda kovotera. Mayi Banda ndi a Mwale anayang'anana n'kuphulika chiseko, koyamba kuseka limodzi chaka chimenecho. Timipando tinatambasulidwanso.

Mukuganiza kuti zinathera pomwepo? Chithunzi chinayenda mafoni onse mpaka Zengeza 1. Lachitatu kunyumba kunafika bambo wa taye, woimira wamagalasi uja m'dera lathu, atanyamula zitenje zina. Anagwira dzanja la malume osalisiya. Anati kuvomereza kwa sosaite kwasintha zinthu, tsopano mphepo ikuwombera kwawo. Malume anayesa kukana, mawu osatuluka. Ine ndinali kuseri kwa chitseko, kupuma pang'onopang'ono.

Zotsatira za chisankho atazimata pakhomo la sukulu, ndinapita kukaona, poti ndinali nayenso paubale. Mavoti a munthu wanga sanadzaze zala za dzanja limodzi. Bambo wa taye anali pomwepo, akuwerenga zala zake, kenako kutchula maina a anthu a m'nyumba mwake. Sizinkagwirizana. Anandiyang'ana n'kunena motsitsa mawu kuti, "Sisi, musanativomereze, mkazi wanga anali nafe."

Chitenje ndinachapa, kusita, n'kukabweza kwa mayi wa tomato. Anati anachilandira pamsewu, ndipo bamboyo amateteza bwino tomato kudzuwa. Anandiwonjezera tomato awiri.

Sabata yomweyo Mayi Banda anandiitanira pambali ku tchalitchi, n'kundipatsa kaphukusi. Munali chitenje cha chipani cha a Mwale.

"Usunge, mwanawe. Chisankho chikubwerachi udzavale ichi."

Mawa lake a Mwale anabweretsa cha chipani cha Mayi Banda. Mbiri inali itamveka kuti amene ndamunyamula kumbuyo amagwa.

Zonse ziwiri zili pansi pa sutikesi. Masiku ano nsalu iliyonse, ngakhale wondipatsa akhale mngelo, ndimayamba ndaiyanika pachingwe n'kuizungulira kawiri. Siketi ikadzang'ambikanso, ndidzayenda chotsamira khoma mpaka ku Unit G.