Ambulera kwa Nangozo, Jekete kwa Zakeyu

Khalani pansi nonse, ndipo iwe uchotse chala pa makina anga osokerawo. Mwandisokosa kuyambira m'mawa ndi mkangano wanu wa mafoni, wina akuti yopinda, wina akuti yosapinda, chonsecho m'matumba mwanumo mulibe ngakhale ya mandasi. Tsono tcherani khutu, mwambi uja wa mapanga chiyambi chake chinali chotere. Wina asandiuze zoti aphunzitsi akuti mwambiwu ndi wakale kuposa mafoni. Aphunzitsi anuwo panalibe, ine ndinalipo, ndipo miyendo imene inatopa pa nkhaniyi ndi yanga.

Alamu anga a Filimoni Kachiwanda, amuna a mlongo wanga Esinati, anali munthu wabwino mtima, koma kusankha chinthu kunali matenda awo. Akapita kukagula nsomba ankaima pamenepo mpaka ntchentche kuwazolowera. Foni yawo inali itakalamba, batire litatupa, kumbuyo atamanga ndi mphira, ndipo munthu ukamuimbira pa vidiyo ankaoneka ngati wakhala mu utsi.

Ndiye kunabwera chinkhoswe cha mwana wawo woyamba, Tiyanjane. Mwini mbumba kwathu ndi achimwene athu aakulu, a Binwelo, amene amagwira ntchito pa galaja ina ku Joni. Iwo ananeneratu kuti kubwera sangathe, koma ankhoswe asapatsane nkhuku iwo asanaone nkhope ya mkamwini ndi kunenapo mawu awo. Anati adzaimba pa vidiyo Loweruka, tsiku la chinkhoswelo, nthawi yawo yopuma masana, pa nambala ya a Filimoni. A Binwelo ndi a mtima wapachala. Akakuimbira iwe osayankha, nkhaniyo mudzaikamba chaka chonse.

Ife tinawauza alamu kuti mafoni abwino alipo ambiri pamudzi, tidzangobwereka. Anakwiya. Anati pa chinkhoswe cha mwana wawo sangaonetse mwini mbumba pa foni yobwereka, akuchimuna angatiyese amphawi. Anagulitsa kachewere wawo, ndalama n'kukhala nazo m'thumba. Chinatsala n'kusankha basi, ndipo ine nditamva zimenezo mutu unayamba kundipweteka.

Masiku amenewo ogulitsa mafoni pamsika pathu pano anali awiri. Timashopu tawo tinali tating'ono, tamdima, topanda windo ngakhale khonde, polowa umachita kuwerama, ndiye anthu ankangotitcha mapanga. Phanga la mayi Nangozo linali kumtunda, pafupi ndi chigayo. La Zakeyu, mnyamata wolankhula osapuma, linali kumunsi kwa ogulitsa makala. Pakati pake panali bwalo lija la mpira lopanda ndi mtengo umodzi womwe.

Alamu ananditenga kuti ndikawathandize maganizo, ine kusiya madiresi a chinkhoswe chomwecho ali pa makina. Tinayambira kumtunda. Nangozo si munthu wa mawu ambiri. Anaika foni yosapinda patebulo, yosalala bwino, n'kunena kuti batire lake limakhalitsa, ikagwa galasi lake ali nalo, ndipo aliyense wokonza mafoni amaidziwa.

Alamu anaigwira, anaitembenuza, anaiika kukhutu.

"Ndi yomweyi," anatero.

Ine ndinathokoza Mulungu chamumtima. Koma titatuluka anati tingodutsa kwa Zakeyu, kukangoona chabe.

Zakeyu anatulutsa kanthu kooneka ngati kachikwama, n'kumakatsegula pang'onopang'ono akuwayang'ana alamu m'maso. Kanatambasuka ngati buku la nyimbo. Anati pa foni imeneyi a Binwelo adzaoneka nkhope yonse ndi ndevu zomwe, ndipo ukaipinda pang'ono imakhala yokha patebulo, yosafuna kuitsamiritsa ku botolo. Alamu kukamwa kunali yasa.

"Ndi yomweyi," anatero.

Ndinawafunsa kuti nanga yomweyi ija ya kumtunda bwanji. Anandiyankha kuti nayonso ndi yomweyi.

Ana inu, sabata imeneyo bwalo lija ndinalidziwa kuposa osewera mpira. Tikakwera kwa Nangozo, iye ankati yopindayo ili ndi mzere pakati, a Binwelo adzaoneka ogawika pamphuno, ndipo fumbi likalowa popindikirapo wokonza kuno kulibe, mpaka ulendo wa ku Lilongwe. Alamu ankagwedeza mutu kuti zoona. Tikatsikira kwa Zakeyu, iye ankati foni ya Nangozo ili ndi aliyense, ngakhale a kabaza, akuchimuna sadzacheuka n'komwe. Alamu ankagwedezanso mutu kuti zoona. Wolondola kwa iwo anali amene walankhula pomaliza. Kunyumba Esinati anatopa nazo, anawauza kuti atsinzine aloze imodzi pa zithunzi zimene anapatsidwa. Analoza, kenako anati chala chinaterereka.

Tsono pamsika pathu pali mwambo wake. Ukafuna kuti katundu akusungire umasiya chikole, ndipo chikolecho wogulitsa amachigwiritsa ntchito mmene angafunire mpaka utabwera kudzatenga katundu wako. Lachisanu Nangozo anati pali mphunzitsi wina amene akuifuna foni ija. Alamu anasiya ambulera yawo yaikulu ngati chikole, n'kusiyanso foni yakale ija kuti Nangozo ayambiretu kusamutsa manambala. Ine ndinati basi, nkhani yatha. Koma miyendo yawo inalunjikanso kumunsi, ati kukatsanzika. Zakeyu atangoti yopinda yatsala imodzi yokha, alamu anavula jekete, jekete imene ndinawasokera ine ya chinkhoswe ndipo anali akungoiyesa tsiku limenelo, n'kuiika patebulo.

"Alamu, mwatomera akazi awiri," ndinawauza. "Chinkhoswe ndi mawa."

"Musandithamangitse, alamu. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Ndinawauza kuti nkhono yawoyo idzafika pa chinkhoswe anthu atabalalika, ndipo ndinabwerera ku makina anga ndili wokwiya kwambiri.

Loweruka kunacha ndi mitambo yakuda cha kumapiri. Akuchimuna anafika ndi tambala wawo, anthu anadzaza mu tenti, Tiyanjane ndi anzake atafunditsidwa zitenje kuti mkamwini, Layisoni, adzazindikire wake. Alamu anatuluka ndi malaya okha. Anati akubwera pompano ndi foni, ndipo wina asayerekeze kuimbira a Binwelo pa foni ina. Anthu anadikira. Atsikana m'zitenje muja anayamba kudandaula kutentha, tambala nayenso anayamba kuvuta. Dzuwa litafika pamutu, Esinati anandikodola n'kundiuza kuti ndikawatenge amunawo, ngakhale kuwakoka ndi lamba.

Zimene zinachitika kumsika ndinazimva kwa ogulitsa makala, amene anaonerera zonse. Alamu anakwera mpaka pakhomo pa Nangozo, anaima, anakanda m'mutu, n'kutembenuka. Anatsika mpaka pakhomo pa Zakeyu, anaima, n'kutembenukanso. Anachita zimenezi m'mawa wonse osalowa kulikonse. Chimene anaiwala n'chakuti iwo eni anali ataitana ogulitsa onse awiri ku chinkhoswe ndi pakamwa pawo. Nangozo atawaona akutsikanso anati basi asankha yopinda, anatseka, anatenga ambulera, n'kudzera kuseri kwa chigayo. Zakeyu atawaona akukweranso anati basi asankha inayo, anavala jekete, anatseka, n'kudzera njira ya kumunsi.

Mvula inayamba alamu ali pakati penipeni pa bwalo, ndipo sinali ya masewera. Anathamangira kumtunda, anapeza loko. Anathamangira kumunsi, loko. Ogulitsa makala anawaitana kuti adzabisale pansi pa lona wawo, koma iwo anaima n'kumayang'ana uku ndi uku, akuganiza kuti mwina mmodzi wa awiriwo angopita kuseri ndipo abwera. Kenako anathamangiranso kumtunda.

Ine ndinawapeza kumeneko, nditafunda thumba la feteleza kumutu. Anali atagunditsa khutu pachitseko cha Nangozo, madzi akutsika m'khosi. Mkati foni yakale ya mphira ija inali kulira nyimbo yake ya kwaya.

"Ndi a Binwelo," anatero ndi mawu aang'ono.

Inalira, inasiya, inaliranso. Tinaima pamenepo anthu akuluakulu awiri kumvetsera foni ikulira kuseri kwa chitseko. Thumba langa sindinawagawireko, ndipo mpaka lero sindidandaula.

Titafika ku chinkhoswe, Tiyanjane anali atavula chitenje, akulira, poti ankadziwa kuti amalume ake akakwiya zonse ziima ndipo akuchimuna abwerera ndi tambala wawo. Zimenezo zinandiwawa kuposa miyendo. Nangozo anali atakhala pampando, wouma bwinobwino, ambulera ataitsamiritsa pambali. Zakeyu anali kutsogolo mu jekete yanga, ndipo inamukhala bwino moti akuchimuna ena anali atamupatsa kale moni ngati mmodzi wa akuluakulu a kuchikazi.

Esinati anatenga kafoni kanga ka mabatani, anapeza nambala ya a Binwelo, n'kufunsa ngati pali amene ali ndi foni ya vidiyo. Layisoni anatulutsa yake mwamanyazi, galasi lake litang'aluka ponseponse. Anaitsamiritsa ku botolo.

A Binwelo anayankha ali mu ovolosi, nkhope ili gwa, nthawi yopuma itatsala pang'ono kutha. Anayamba ndi kutikalipira tonse mmodzimmodzi, ngakhale ine ndemwe amene ndinalibe mlandu. Esinati anapepesa, Tiyanjane anagwada pamaso pa foniyo, mtima wa a Binwelo n'kutsika. Anamuyang'ana mkamwini kudzera m'ming'alu, anamufunsa kwawo ndi ntchito yake, kenako anati mbumba yavomera. Ankhoswe anapatsana tambala ndi thadzi, amayi analulutira, Tiyanjane anapukuta misozi.

Tinkayesa zatha, koma a Binwelo anafunsa kuti ali kuti bambo ake a mwana, amene analonjeza foni yatsopano. Layisoni anatembenuza foni ija. Alamu anali ataima pakhomo la tenti, malaya atamatirira pamimba, nsapato zikutulutsa madzi, akunjenjemera.

"Kodi masiku ano pa chinkhoswe mumabatizanso?" anafunsa a Binwelo.

Esinati anafotokoza zonse, kuyambira ambulera mpaka jekete, osasiyako kanthu, akuchimuna akumva. Nangozo anawonjezera kuti foni yake ikadalipo mpaka Lolemba. Zakeyu anati yakenso ikadalipo, koma jekete wayamba kuizolowera.

"Chabwino," anatero a Binwelo. "Ndiye pamapeto pake mwasankha iti, alamu?"

Alamu anayang'ana Nangozo. Anayang'ana Zakeyu. Madzi anadontha kunsonga ya mphuno yawo.

"Ndikanaganizabe," anatero.

Mlongo wanga anakhala pansi n'kugwira kumutu. Ine ndinatsala pang'ono kuwaponyera thumba la feteleza lija. A Binwelo anawayang'ana kudzera m'galasi losweka la mkamwini, kumbuyo kwawo abwana akuwaitana kale. Kenako anapukusa mutu, anauza Tiyanjane ndi Layisoni kuti awayang'anitsitse bwino bambo awowo asanayambe banja lawo, n'kunena mawu amene amayi anu amakuuzani mpaka lero mukaima pakati ngati mmene mwaimira ndi mafoni anuwa:

"Mapanga awiri avumbwitsa."