Chikhakha cha Asiyatu ndi Kamsomali ka Maginiziyamu

Mpaka lero apongozi anga amadziwa kuti chikhakha cha Asiyatu chidanyowa chifukwa mwanayo adagubuduza ndowa. Si zoona. Ndidachinyowetsa ndine, mwadala, masiku anayi otsatizana, uku ndikudziona wanzeru.

Asiyatu ndi mwana wanga woyamba, wa zaka zisanu. Adagwa pa kabaza, chigongono n'kuthyoka moipa, ndipo adatitumiza ku Blantyre. Opaleshoni itatha, adokotala adandiuza kuti amuika kamsomali ka maginiziyamu.

"Kameneka sitidzakachotsa, mayi. Kamasungunuka pang'onopang'ono. Maginiziyamu amene akutulukayo amadzutsa maselo a m'mafuta a fupa, aja amene sanasankhe ntchito, kuti achulukane n'kuyamba kumanga fupa latsopano."

Ndidagwedeza mutu (munthu wa satifiketi ya ku koleji safunsa kawiri), koma ndidangotola liwu limodzi. Maginiziyamu! Ndidakumbukira Fomu 3, aphunzitsi a sayansi ataika kachitsulo kopyapyala pamoto. Kadayaka koyera mbee mpaka adatiuza kuti titsinzine. Ndiye chinthu chimenecho chili m'mkono mwa mwana wanga, ndipo tikubwerera ku Mangochi mwezi wa Okutobala.

Ndidayamba ndi kumuletsa kuyandikira mbaula. Kenako padzuwa. Kenako machesi onse ndidawaponya pamwamba pa wodilopu. Apongozi atabwera kuchokera ku Namwera kudzazonda mdzukulu, adayatsa lubani m'chipinda tsiku Lachinayi madzulo. Ndidalanda mbaleyo n'kuthamangira nayo panja.

"Mayi a Asiyatu, kodi majini ali mwa mwana kapena mwa inu?" adafunsa.

Ndidati utsi umamutsokomoletsa.

Mawa lake masana ndidakhudza chikhakha, ndipo chinali chofunda (chilichonse ku Mangochi chimakhala chofunda, ngakhale supuni, koma izi ndikuziganiza lero). Ndidaviika chitenje m'madzi n'kukulunga mkono. Chikauma, ndiviikenso. Patatha masiku anayi chikhakha chidafewa ngati buledi wa mu tiyi, chikununkha, ndipo mwana ankatha kupinda mkono umene adati usagwedezeke ngakhale pang'ono.

Kuchipatala cha kuno apongozi adatsala pa benchi panja. Adokotala a mafupa, bambo achikulire odekha, adadina chikhakha ndi chala, chala n'kulowa.

"Chanyowa bwanji?"

"Adagubuduza ndowa," ndidatero.

"Bodza," adatero Asiyatu. "Amama amandithirira kuti ndisayake."

Ndidafotokoza za Fomu 3 ndikuyang'ana pansi. Adokotala adavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, nthawi yaitali ndithu, mapewa akugwedezeka.

"Mayi, kamsomali kali m'kati mwa fupa, m'thupi monyowa kale. Sikangayake. Maselo aja akugwira ntchito yawo, chomwe akupempha n'chakuti mkono ukhale phee. Ngati fupa lasuntha, mubwerera ku Blantyre akamung'ambenso." Adavala magalasi. "Komanso aphunzitsi anuwo sadakuuzeni kuti maginiziyamu akayaka sazimitsidwa ndi madzi?"

Adatiuza. Ndidakumbukira pomwepo. Funsolo lidabweranso pa mayeso.

Podikira chithunzi cha ekisire sindidaseke konse. Ndinkangoona mwana wanga akumugonekanso pa bedi la opaleshoni lija chifukwa cha chitenje changa. Chithunzi chitabwera, adokotala adachikweza pa windo n'kundilozera kamsomali, ndi kamtambo koyera kokazungulira.

"Fupa latsopano ndi limeneli. Silidasunthe. Mwapulumuka."

Alhamdulillah. Adamuika chikhakha china, ndipo lero mkonowo akuponyera mpira.

Vuto latsala ndi la ndowa. Titatuluka, apongozi adafunsa chomwe chidanyowetsa chikhakha, ine n'kubwereza bodza lija, Asiyatu ali ndi chitumbuwa m'kamwa (ndidachigula mofulumira). Tsopano apongozi akabwera, mwana akangoyandikira madzi amamva, "Iwe wogubuduza ndowa, choka apo!" Iye amangondiyang'ana, ndipo ine ndimadziwa kuti kukufunika chitumbuwa china.

Ndiye ndiuzeni, anzanga, ndidachita bwino kukhala chete, kapena ndikwere minibasi ya ku Namwera ndikaulule? Muyankhe msanga, chifukwa mwanayu wayamba kunena za soseji.